Mafunso ndi mayankho: masewera olimbitsa thupi ndi yoga kwa amayi a PCOS okhala ku Joni

Amayi ndi atsikana ambiri a Chimalawi kuno ku Johannesburg amamva koyamba mawu oti PCOS pa kiliniki, atapita kukadandaula kuti msambo wasokonekera kapena kuti zaka zikupita m'banja mulibe mwana. Namwino amanena mwachidule kuti muzichita masewera olimbitsa thupi, muchepetse thupi, ndipo poti mzere wa panja ndi wautali, mumangotuluka. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amatsalira mukafika kunyumba.

PCOS ndi chiyani, nanga masewera alowamo bwanji?

Dzina lake lonse ndi polycystic ovary syndrome, vuto la mahomoni limene limasokoneza kukhwima kwa mazira ndi msambo. Madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, analemba za vutoli mu 1935. Limagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 10 aliwonse a msinkhu wobereka, ndipo ambiri sadziwa kuti ali nalo. Kuchokera pa msonkhano wa ku Rotterdam mu 2003, dokotala amati ndi PCOS akapeza zinthu ziwiri mwa zitatu, atatsimikiza kaye kuti si matenda ena monga a chithokomiro: msambo wodumphadumpha kapena wosabwera, kuchuluka kwa mahomoni achimuna komwe kumaonekera pa ndevu, ziphuphu kapena m'magazi, ndi timatumba tambirimbiri tooneka pa sikani m'malo opangira mazira. Timatumbati si zotupa zofuna opaleshoni ayi. Ndi mazira amene anayamba kukula koma anaima panjira asanakhwime.

Nkhani ya masewera yagona pa insulin. Iyi ndi homoni imene imatsekula khomo kuti shuga wochokera mu nsima, buledi ndi tiyi achoke m'magazi n'kulowa m'minofu. Mwa amayi ambiri a PCOS thupi silimva insulin msanga, choncho kapamba amatulutsa wochuluka. Insulin wochulukayo amakakamiza malo opangira mazira kutulutsa testosterone (homoni yachimuna) wambiri, dzira n'kulephera kukhwima, mafuta n'kumaunjikana pamimba. Khungu lakuda lokhuthala kuseri kwa khosi ndi m'khwapa, lija ena amalikhula ndi mwala poganiza kuti ndi litsiro, ndi chizindikiro cha zomwezi.

Mnofu ukamagwira ntchito umatsekula khomo lachiwiri: umadzikokera shuga popanda kudikira insulin. Mukamalizanso, minofu imakhalabe yomva insulin bwino kwa tsiku limodzi mpaka atatu, kenako phindulo limazilala. N'chifukwa chake wochita pang'ono Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu amapindula kuposa wodzipha Lamlungu lokha.

Ndichite mphindi zingati pa sabata?

Malangizo a padziko lonse okhudza PCOS, omwe anatsogoleredwa ndi Monash University ya ku Australia mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2023, amati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera a pakatikati, kapena 75 mpaka 150 za masewera amphamvu, kuphatikizapo masiku awiri osatsatizana olimbitsa minofu. Ngati cholinga n'kuchepetsa thupi, muyenera kufika mphindi 250 za pakatikati. Malangizowa amanenanso poyera kuti palibe mtundu umodzi wa masewera woposa ina yonse pa PCOS. Kuyenda ndawala, netiboli, kuvina, kudumpha chingwe, zonse zimawerengedwa.

Kuti mudziwe mlingo, yesani kulankhula. Ngati mukutha kuimba nyimbo ya kwaya bwinobwino mukuyenda, mukuyenda mwaulesi. Ngati mukutha kucheza koma kuimba kukukanika, ndiye pakatikati pamenepo. Ngati mawu akutuluka awiri atatu n'kupuma, mwalowa m'masewera amphamvu.

Masamu ake ndi osavuta. Tsikani takisi pamalo oti muyende mphindi 15 kukafika kuntchito, madzulo chimodzimodzi. Pa masiku asanu zakwana 150. Ngati simunachitepo kalikonse kwa zaka, yambani ndi mphindi 10 patsiku, muziwonjezera mphindi 5 sabata iliyonse. Kuyenda mphindi 10 mpaka 15 mutangodya chakudya chamadzulo kuli ndi phindu lapadera, chifukwa ndi nthawi imene shuga akukwera m'magazi.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Amenewo si masewera kale?

Mbali ina inde. Kukolopa nyumba yaikulu, kukwera masitepe ndi dengu la zovala, kubereka mwana wa abwana kumsana, zonsezi zimaposa kukhala pampando. Koma kutopa ndi kulimba thupi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kusita zovala maola atatu, kapena kuluka tsitsi mu saluni tsiku lonse mutaimirira, kumatopetsa msana ndi miyendo koma mtima sugunda mofulumira ndipo minofu ikuluikulu siikakamizidwa. Thupi limazoloweranso ntchito imene limachita tsiku lililonse.

Kwa inu, kuwonjezera maola oyenda si kofunikira kwambiri. Chimene chikusowa ndi masiku awiri aja olimbitsa minofu, mphindi 20 kapena 25 zokha, ndi kanthawi kochepa kofulumizitsa mtima. Poyenda kupita ku takisi, thamangitsani mapazi kwa mphindi imodzi, bwererani mwakale mphindi ziwiri, mubwereze kasanu.

Ndalama ya gym ndilibe, chipinda changanso n'chaching'ono. Nditani?

Malo okwana mphasa imodzi ndi okwanira. Mufunika mpando wolimba wotsamira kukhoma ndi zigubu ziwiri za malita 5. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye chigubu chodzaza ndi makilogalamu 5. Mukathiramo mchenga wouma chimafika pafupifupi 8.

Tenthetsani thupi mphindi zisanu poguba pamalo amodzi ndi kuzunguza mapewa. Kenako imani kutsogolo kwa mpando, mapazi atatalikirana molingana ndi mapewa. Kankhirani matako kumbuyo, tsikani pang'onopang'ono mpaka mukhudze mpando, osakhazikika, n'kudzuka mukuponda ndi zidendene. Chitani ka 10 kapena 12. Zolakwika zofala n'ziwiri: mawondo kugwera mkati ngati akufuna kugundana, ndi zidendene kunyamuka pansi. Zonsezi zimasenzetsa bondo katundu woyenera ntchafu ndi matako. Zikayamba kupepuka, kumbatirani chigubu pachifuwa.

Chachiwiri, ikani manja pakhoma molingana ndi mapewa, bwererani kumbuyo ndi mapazi mpaka thupi lipendekeke, lowongoka ngati thabwa. Pindani zigongono chifuwa chiyandikire khoma, n'kukankha. Chiuno chisatsalire kumbuyo, chisagwerenso kutsogolo. Pakapita masabata, chokani pakhoma mupite pa tebulo lolimba, kenako pansi mutagwada.

Chachitatu, gwirani mpando ndi dzanja limodzi, weramani msana uli wowongoka, dzanja linalo likoke chigubu kuchokera pansi kupita m'chiuno. Ambiri amachikokera kuphewa, khosi n'kuuma. Ganizani kuti mukulowetsa chigongono m'thumba lakumbuyo.

Chachinayi, gonani chagada, mawondo opinda, mapazi pansi. Finyani matako, kwezani chiuno, werengani kawiri, tsikani. Ngati mukumva kupweteka m'munsi mwa msana, mwakweza mopitirira. Malizani ponyamula zigubu ziwiri, chimodzi dzanja lililonse, n'kuyenda nazo masekondi 40 mapewa ali kumbuyo.

Pumani mphindi imodzi, mubwereze mzere wonsewo kawiri kapena katatu. Maulendo awiri omaliza a chilichonse azikhala ovuta koma otheka. Mukamafika maulendo 15 osavutika, wonjezerani kulemera, apo ayi minofu imasiya kukula. Musamagwire mpweya ponyamula, makamaka ngati muli ndi BP: tulutsani mpweya pamene mukukankha. Kuwawa kwa minofu tsiku lotsatira ndi linzake n'kwachibadwa ndipo kumachepa sabata yachiwiri. Ululu wobaya mkati mwa bondo kapena phewa ndi nkhani ina, pamenepo siyani.

Ndili kale ndi mahomoni achimuna ambiri. Kunyamula zolemera sikundisandutsa bambo?

Ayi. Testosterone wa mayi wa PCOS, ngakhale atakwera, amakhalabe wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mwamuna. Minofu ikamamva insulin bwino, mahomoni achimunawo amayamba kutsika, osati kukwera. Chimene mudzaone ndi ntchafu zolimba ndi siketi yomasuka m'chiuno.

Bwanji ndimapuma mwawefuwefu kuno, pomwe kumudzi ndinkayenda mtunda wautali? Nanga ndiziyendera kuti?

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ndi Blantyre zili pafupifupi mamita 1,000, ndipo Mangochi ndi Nkhotakota zili pansi kuposa apo. Wongofika kumene amamva kusiyanako pokwera chitunda kwa masabata angapo, kenako thupi limazolowera. Ngati wefuwefu sakutha, mukumva chizungulire, ndipo msambo wanu ukabwera umataya magazi ambiri, kayezetseni kuchuluka kwa magazi.

Nyengo nayo ili ndi zake. Mu June ndi July m'mawa kumazizira mpaka udzu kuyera, mpweya ndi wouma, ndipo m'malo ambiri mumakhala utsi wa malasha ndi wa tchire. Amene ali ndi mphumu ayende masana kapena achitire m'nyumba. M'chilimwe, kuyambira cha mu October mpaka March, mvula ya mabingu imakonda kugwa masana ndi madzulo, ndipo mphenzi za kuno si zamasewera. Mukamva bingu chokani pabwalo ndi pansi pa mitengo.

Za chitetezo tonse tikuzidziwa. Musayende nokha kusanache kapena kutada, foni ikhale yobisika, m'makutu musatseke. Anthu atatu anayi a kumpingo kapena a gulu la chipereganyu ndi okwanira, ndipo mnzanu akamakudikirani pageti simungagonenso. Loweruka m'mawa kuli parkrun, kuthamanga kwa gulu kwa makilomita 5 kwaulere, imene kuno ku South Africa inayambira ku Delta Park mu 2011 ndi katswiri wa mpikisano wothamanga mtunda wautali wa Comrades, Bruce Fordyce. Mumalembetsa kamodzi pa intaneti, ndipo kuyenda n'kololedwa, palibe amene amakuthamangitsani. Ku Zoo Lake ndi ku Emmarentia kumakhalanso anthu ambiri oyenda kumapeto a sabata.

Ndamva kuti yoga imachiza PCOS. N'zoona?

Siichiza. Palibe chimene chimachotseratu PCOS, kaya mankhwala, zitsamba kapena masewera. Pali kafukufuku wa ku India ndi ku America amene anaonetsa kuti yoga yochita kwa miyezi itatu inathandiza pa mahomoni ndi nkhawa, koma anthu ake anali ochepa, ndiye tisamangepo nyumba. Zonena zakuti kakhalidwe kakutikakuti kamasisita malo opangira mazira kapena kusungunula timatumba n'zopanda umboni.

Komabe yoga ili ndi malo ake, ndipo si aang'ono. Amayi a PCOS amavutika ndi nkhawa komanso kukhumudwa kuposa amayi ena, ambiri sagona bwino, ndipo kusagona kumawonjezera njala ya zotsekemera ndi kusamva insulin. Mayi amene apongozi ake akuimba foni kuchokera kumudzi mwezi ndi mwezi kufunsa za mwana, lendi ikudikira, pepala la ntchito latsala pang'ono kutha, amafunika kanthawi koti thupi litsike. Yoga imachita zimenezo, imamasulanso chiuno ndi msana. Muiwerenge ngati ndiwo, nsima yake ndi kuyenda ndi kulimbitsa minofu. Yokhayo imene ingalowe mu mphindi 150 zija ndi yofulumira, monga surya namaskar (mndandanda wa kuwerama ndi kudzuka motsatizana) yobwerezabwereza mpaka thukuta.

Ndiyambe ndi ziti?

Yalani bulangete lopinda kapena mphasa pamalo osaterera, patatha maola awiri chidyereni. Mphindi 20 zikukwana.

Khalani pansi, dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya m'mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ikwere, tulutsani mukuwerenga mpaka 6. Mphindi zitatu. Kutulutsa kotalikako n'kumene kumachepetsa kugunda kwa mtima. Mukamva chizungulire ndiye kuti mukukoka mpweya mwamphamvu kwambiri.

Gwadani, manja pansi. Pokoka mpweya tsitsani mimba n'kukweza chifuwa, potulutsa pindani msana m'mwamba ngati mphaka wokwiya. Kasanu ndi katatu. Kenako gonani chafufumimba, manja m'mbali mwa chifuwa, kwezani chifuwa chokha, mchombo usachoke pansi, zigongono zikhale zopinda. Imeneyi ndi bhujangasana. Oyamba kumene amawongola manja onse n'kupanikiza msana wam'munsi, mawa lake n'kumati yoga yawapweteka.

Khalani tsonga, gundanitsani mapazi kumapondero, mawondo agwere m'mbali. Ndi baddha konasana. Musakankhe mawondo ndi manja. Msana ukamapindika, khalani pa pilo. Mphindi imodzi kapena ziwiri. Malasana ndi kunyonyomala kuja timachita pokoleza mbaula kapena pochapa m'beseni, kungoti msana uwongoke ndipo zigongono zikankhe mawondo kunja. Anthu a kuno amalipira ndalama kuti aphunzire zimene agogo athu amachita posankha nyemba. Zidendene zikamanyamuka, pondani pa thaulo lopinda, ndipo ngati bondo ndi lovulala idumpheni.

Bwererani chogwada, khalani pa zidendene, chipumi pansi, manja kutsogolo, kwa mphindi imodzi. Malizani mutagona chagada miyendo itatsamira khoma kwa mphindi zisanu. Kwa woima tsiku lonse mu shopu kapena mu saluni, imeneyi yokha ndi mankhwala a miyendo yotupa.

Ndine wopemphera. Yoga si chipembedzo cha ena?

Mizu yake ili m'zikhulupiriro za ku India, sitingabise, ndipo makalasi ena amakhala ndi mawu obwereza ndi mapemphero awo. Ambiri amangophunzitsa kutambasula thupi ndi kupuma. Ngati mtima wanu sukulola, tambasulani thupi ndi kupuma momwe tafotokozeramu popanda dzinalo, kapena chitani Pilates, masewera olimbitsa mimba ndi msana osakhudzana ndi chipembedzo. Phindu la m'thupi simulitaya.

Miyezi iwiri yatha, sikelo sikusuntha. Ndikulakwitsa pati?

Mwina simukulakwitsa. Masewera amathandiza thupi kumva insulin ngakhale kulemera kusasinthe, ndipo mafuta a m'mimba amatha kuchepa pamene minofu ikuwonjezeka. Gulani tepi ya telala. Yezani chiuno m'mawa musanadye, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya, kamodzi pa masabata awiri. Chiuno chisapose theka la kutalika kwanu: wamtali masentimita 160 alinge ku 80. Lembaninso masiku a msambo pa kalendala. Msambo umachedwa kuyankha, upatseni miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi.

Kwa onenepa, kutsika ndi 5 mpaka 10 pa 100 aliyense a kulemera kwanu nthawi zambiri kumakwanira kuti msambo uyambe kubwerera. Wa makilogalamu 90 akufunika kutaya 4.5 mpaka 9, osati 30.

Tinenenso zoona: masewera okha satsitsa sikelo kwambiri. Mphindi 30 zoyenda zimafafanizika ndi magwinya awiri a pa renki, osanena za kota (buledi woikamo tchipisi ndi soseji) ndi botolo la zakumwa zotsekemera. Simukuyenera kusiya nsima. Chepetsani chipande, chulukitsani masamba, nyemba, mazira, usipa kapena nkhuku, ndipo tiyi wa masupuni anayi a shuga atsike kufika imodzi. Malamba omanga mimba, kuvala pulasitiki kuti mutuluke thukuta, ndi tiyi wotsegula m'mimba wogulitsidwa pa Facebook zimangochotsa madzi, amene amabwerera mukamwa. Kudzimana chakudya tsiku lonse n'kuthamanga ndi njala kumathera pa kudya mopitirira usiku, ndipo vuto la kadyedwe kotere ndi lofala kale pakati pa amayi a PCOS. Ngati mumachita mkonono kwambiri ndipo mumadzuka otopa, muwauze adokotala, chifukwa kubanika kutulo kumayenda limodzi ndi PCOS ndipo kumalepheretsa zonsezi.

Ine ndine woonda. Zikundikhudza?

Inde. Kusamva insulin kumapezeka ngakhale mwa oonda. Inu musalimbane ndi sikelo. Limbitsani minofu, yendani, idyani mokwanira. Kuthamanga kwambiri mukudya pang'ono kungaimitse msambo pa chifukwa chinanso chosiyana ndi PCOS.

Ndikakhala kumwezi ndisiye?

Palibe chifukwa. Kuyenda ndi kutambasula thupi kumachepetsa cham'mimba kwa ambiri. Tsiku lotaya kwambiri chepetsani, basi.

Ndikufuna mwana. Masewera okha andithandiza?

Ena amatenga pakati dzira likangoyamba kukhwima mwezi ndi mwezi. Koma musadikire zaka. Ngati msambo wanu ndi wodumphadumpha, pitani kuchipatala osayembekezera kuti chaka chithe, makamaka ngati mwapitirira zaka 35, ndipo abambo akayezedwe nawo. Pali mankhwala othandiza dzira kukhwima, letrozole ndiye woyamba masiku ano, palinso clomiphene. Amafuna dokotala woyang'anira, osati kugula kwa munthu wa pa WhatsApp.

Mukatenga pakati, pitirizani kuyenda ndi kulimbitsa thupi mopepuka adokotala akavomera, chifukwa amayi a PCOS ali pachiopsezo chachikulu cha shuga ndi BP ya pathupi. Siyani yoga ya m'chipinda chotentha, kugona chafufumimba mimba ikakula, ndi masewera ogundana. Ndipo amene simukufuna mwana pano, musaganize kuti PCOS ndi njira yolerera. Thupi likayamba kusintha, dzira limatha kutuluka musanaone msambo.

Ndikumwa metformin kapena mapiritsi olera. Ndingasiye ndikayamba masewera? Nanga ndipite liti kuchipatala?

Musasiye nokha. Metformin, mankhwala a shuga othandiza thupi kumva insulin, imatha kuyambitsa nseru ndi kutsegula m'mimba masabata oyamba, ndiye imwani ndi chakudya ndipo masiku amenewo yendani pafupi ndi nyumba. Payokha siikonda kugwetsa shuga mopitirira, koma ngati mukubayanso insulin kapena kumwa mapiritsi ena a shuga, tengani maswiti m'thumba.

Chinthu chimodzi chimene masewera sangalowe m'malo mwake ndi ichi: mukatha masiku 90 osaona msambo ndipo simuli oyembekezera, pitani kuchipatala. Mkati mwa chiberekero mumapitiriza kukhuthala, ndipo zikatenga zaka chiopsezo cha khansa ya m'chiberekero chimakwera. Mapiritsi olera, mapiritsi a homoni ya progestogen kapena lupu ya mahomoni zimateteza zimenezi. Pitaninso msanga ngati ndevu zabwera mwadzidzidzi m'miyezi yochepa, mawu akukula ngati a mwamuna, mukutaya magazi opitirira sabata, kapena mukumva kupweteka pachifuwa ndi kukomoka pochita masewera.

M'zipatala za boma mumayambira pa kiliniki ya m'dera lanu, iwo ndiwo amalemba kalata yopitira ku zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke, Rahima Moosa kapena Chris Hani Baragwanath. Pemphani kuti akuyezeni BP, mafuta a m'magazi ndi shuga, makamaka kuyeza kuja amakumwetsani magalamu 75 a shuga n'kutenganso magazi patatha maola awiri, chifukwa kobaya chala kokha kumaphonya ambiri. Tengani kalendala ya msambo, miyezo ya chiuno ndi mapaketi a chilichonse chimene mukumwa, zitsamba zomwe.